Khasu la Loweruka

Lachisanu, pa 17 Okutobala

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa yunifolomu, nditangoweruka kusukulu, pamene mayi ena ake anatulukira m'njira ya kumtsinje atagwira khasu lopanda mpini. Analigwira ndi zala ziwiri, ngati mmene munthu amagwirira khoswe wakufa. Panopa dzuwa lapendeka, yunifolomu yauma pachingwe, koma mkwiyo wanga sunathebe. Ine kukalipa ndi pakamwa sinditha. Ndikangoyamba mawu amathawa, misozi n'kubwera m'malo mwake. Ndiye ndikalipira muno m'kope.

Ndiyambe ndi agogo aamuna, bambo awo a amayi anga, chifukwa nkhaniyi ndi yawo ngakhale iwo sakuidziwa. Agogo anali osula makasu. Makolo awo anabwera kuchokera ku Mozambiki ndi nyundo ndi mvukuto, ndipo iwo anakulira pamoto. Chisakasa chawo chikadalipo pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Ndili wamng'ono sindinkadzutsidwa ndi tambala, ndinkadzutsidwa ndi nyundo. Chitsulo chawo chinali cha mitundu iwiri basi, masipulingi a magalimoto akale ndi madisiki a pulawo ya thirakitala. Munthu akawabweretsera china ankamufunsa ngati akufuna khasu kapena chiwaya.

Khasu likatha kusulidwa, likadali lofiira, ankatenga chidindo chawo n'kumenya kamodzi pafupi ndi msuka, kuja kumene khasu limalowera mumpini. Pankatsala madontho atatu. Kuno kwa Malemia mpaka kukafika ku mishoni, munthu akangoti "la madontho atatu" aliyense ankadziwa kuti akunena khasu la agogo. Likazizira ankalipachika pa kachingwe n'kuligogoda ndi bawuti. Labwino limalira nthawi yaitali, ngwiii, mpaka umalimva m'mano. Loipa limangoti pho. Loti pho ankalibwezera pamoto akutukwana m'Chilomwe, ndipo amayi ankanditseka makutu ngakhale Chilomwecho sindichimva.

Zaka zitatu zapitazo maso awo anachita chifunga mpaka kutsekeratu. Kuchipatala anati mitsempha ya m'maso inafa, palibe chochita. Anapezanso kuti magazi awo amathamanga kwambiri, n'kuwapatsa mapiritsi a m'mawa uliwonse. Ndi pamene agogo anaitana amalume, mwana wawo wamwamuna yekhayo, n'kuwapatsa chidindo. Ndinalipo, ndinkawapatsa tiyi.

"Ichi si chako, ndakubwereka," anatero. "Loweruka lililonse uzinditumizira khasu limodzi pa amene wasula sabata imeneyo, ndilimve. Tsiku limene ndidzamve pho, chidindo chidzabwerera m'thumba mwanga."

Chaka choyamba zinkayenda bwino. Amalume kusula amatha, ndisawanamizire. Koma anatsegula benchi ku Naisi, m'mbali mwa msewu, ndipo anthu odutsa opita ku Liwonde ankagula awiriawiri. Munthu mmodzi sangasule makasu okwana benchi ya pamsewu. Anayamba kupereka ntchito kwa osula ena atatu a m'midzi ina, kuti azisula kwawo n'kumabweretsa m'matumba. Ntchito ya amalume inatsala ya kudinda, kupaka penti wakuda ndi kucheza ndi makasitomala. Masipulingi atakwera mtengo, anayamba kuwagulira osula aja migolo yakale ndi zitsulo za mabodi a magalimoto. Chisakasa cha pansi pa mango chinazizira. Agogo anauzidwa kuti moto unasamukira ku Naisi chifukwa makala kumeneko sasowa.

Nanga Loweruka? Apa ndi pamene pali ine.

Amalume anasula makasu anayi abwino, a disiki yeniyeni, n'kuwabisa m'chipinda chosungira chimanga, kuseri kwa matumba. Loweruka lililonse ndimatenga limodzi mwa anayiwo, ndimalipukuta fumbi, n'kukawapatsa agogo pakhonde ngati latsopano. Sabata yotsatira ndimatenga lina. Nthawi zina amalume amalipala pang'ono ndi tupa, kapena kulipakanso penti kuti linunkhe chatsopano. Tachita zimenezi kwa chaka chathunthu ndi miyezi.

Tsiku loyamba amalume anati, "Uzipereka iweyo. Akuluwa amakukhulupirira, komanso iwe sulankhula." Ananena akuseka, ngati akundiyamikira. Ine ndinavomera ndi mutu, poti ndi mmene ndimayankhira chilichonse, ngakhale m'kalasi. Amayi anandiuza kuti n'zakanthawi, mpaka masipulingi atsike, ndiponso kuti adokotala anati agogo asamakwiyitsidwe. Bambo anga ali ku Joni ndipo amaimba foni pa Khirisimasi pokha, choncho pakhomo pano amene amaona za ife ndi amalume. Sindinafunsenso china.

Agogo amanditcha mkazi wawo, monga agogo amachitira ndi zidzukulu zawo. Ndikafika ndi khasu amati, "Mkazi wanga, wandibweretsera chiyani lero?" Amaliyendetsa chala chachikulu m'mphepete monse, kumaso ndi kumbuyo, amalinunkhiza, kenako amalipachika pa kachingwe n'kuligogoda ndi bawuti yawo ija. Amapendeketsa mutu mpaka kulirako kutheretu. Tsiku lina anati, "Ili likufanana ndi la mwezi watha ngati mapasa. Dzanja la mwana uja lakhazikika tsopano." Anasangalala tsiku lonse, mpaka anandipempha kuti ndiwawerengere mawu a nyimbo za m'buku la kutchalitchi, iwo akuimba. Nditatha ndinakalira kubafa.

Kunja kwa pakhomo pathu nkhani ndi ina. Mwezi watha kusukulu tinkalambula bwalo, ndipo khasu la mnyamata wina wa m'kalasi mwathu linang'ambika pamsuka. Analikweza m'mwamba n'kufuula kuti, "Madontho atatu, masiku atatu!" Onse anaseka akundiyang'ana. Lamulungu lina kutchalitchi, mkulu wina atawapatsa moni agogo anayamba kuti, "Koma makasu anu masiku ano..." Amayi anamudula msangamsanga ndi nkhani ya kwaya, n'kuwakoka agogo pamkono. Agogo nkhope za anthu saziona. Amayenda pakati pawo atadzutsa mutu, akuganiza kuti akadali munthu uja.

Ndiye lero kunabwera alendo aja, mayi a khasu lopanda mpini.

Amayi anawaona asanafike pabwalo, ndipo anathamanga kukawachingamira pa mtengo wa papaya, kuti mawu asafike kukhonde la kumaso kumene agogo anali ndi wailesi yawo. Anabwera nawo kuseri, pamene ndinkachapira ine. Anawapatsa mpando. Alendowo anakana.

"Sindinabwere kudzakhala ine. Taonani ichi." Analiponya pansi khasu lija. Linali litapindika pakati ngati tsamba la nthochi, msuka utang'ambika. "Masabata awiri sanakwane. Ndagalauzira munda umodzi wokha, wa ganyu, wanga sindinauyambe n'komwe. Dothi lake lofewa, mulibe ndi mwala umodzi. Mvula ikagwa mawa ndidzala pati?"

"Pepani mayi, tsitsani mawu pang'ono."

"Nditsitse? Khasu la mayi anga la madontho atatu linalima mpaka linatsala ngati chikhatho ichi, timakumbira mbatata mpaka lero. N'chifukwa chake ndinawadutsa otchipa a m'sitolo n'kutenga ili. Ali kuti akuluwo? Ndiwafunse ngati ukalamba unawatengera ndi manyazi omwe."

"Bambo saona, mayi. Akudwala."

"Makutu ali nawo?"

Amayi analowa m'nyumba n'kutulutsa khasu lathu, lenileni, limene agogo anasula asanasiye ntchito, n'kuwapatsa ndi mpini womwe. Alendowo analitembenuza n'kulipapasa kumbuyo. Kenako anatola lopindika lija n'kundionetsa ine, poti ndinali nditangoima pamenepo ndi thovu m'manja.

"Mwanawe, uli pasukulu iwe, taona. La akulu aja kumbuyo n'kosalala. Ili madontho atulukira kumbuyo ngati ziphuphu. Akumadinda chitsulo chozizira, chopyapyala ngati lata. Ife osaphunzira timaona, musamatiyese ana."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkafuna kuwauza kuti pepani, kuti akuluwo sakudziwa kanthu, kuti amene akudziwa ndi ine. Palibe chinatuluka. Alendowo anasenza khasu lathu paphewa n'kupita osatsanzika.

Amayi anakhala pa mpando umene alendo anaukana. Kenako anati, "Tenga njinga ukawapatse amalume ako chimenechi. Uwauze kuti khasu lathu lapita, atipatse lina. Usadutse kukhonde."

Ku Naisi ndinawapeza amalume atakhala kuseri kwa benchi yawo akudinda. Thumba la makasu linali litangofika ndi mmodzi wa osula aja, bambo wamfupi wa zipsera za moto m'mikono yonse, amene anali atatsamira njinga yake akumwa madzi. Amalume ankangotenga khasu, kuligoneka pa thabwa, kumenya kamodzi mopepuka ngati akuswa mtedza, n'kuliponya pamulu. Palibe ngakhale limodzi limene analigogoda kuti alimve.

Ndinawapatsa moni, n'kupereka lopindika lija ndi manja awiri. Analiyang'ana n'kuseka.

"Amenewa amalima kapena amaswa miyala ya kwale?"

Wosula uja analitenga n'kulitembenuza. "Ili ndi langa ili, bwana. Mgolo wabuluu uja. Ndinakuuzani kuti umenewu ndi wa mbaula, si wa khasu."

"Unandiuza, koma unasula."

"Nanga ndikanatani? Mwandipatsa mgolo, makala theka la thumba, mukufuna makasu makumi atatu pofika Lachisanu. Ndipatseni sipulingi ndi masiku, muone ngati sindikusulirani loti mdzukulu wanu adzalimire. Ine ndinaphunzira pamoto, bwana, osati papenti."

"Ndiye kagule sipulingiyo wekha, udinde chizindikiro chako, tione amene agule."

"Changa sichidziwika, n'chifukwa chake ndili pano. Chodziwika ndi chanu." Anamwa madzi pang'ono. "Kapena nditi cha bambo anu."

Amalume anatembenukira kwa ine, ngati ndine ndinayambitsa.

"Iwe wa sukulu, tamvera. Makasu a m'sitolo aja olembedwa maina a Chingerezi, ukuganiza amasula mwini dzina? Amasulidwa kutali ndi anthu ena, mwini wake amangoikapo chizindikiro. Dziko lonse likuyenda choncho. Anthu akafika pano safunsa chitsulo, amafunsa mtengo. Ndikasula la disiki, akamva mtengo wake athawa onse, akagula la m'sitolo lomwenso limapindika. Bambo ankasula atatu pa tsiku n'kumadya kutchuka. Ine ndikudyetsa mabanja anayi. Komanso khasu lokhala zaka khumi, mwini wake adzabweranso liti pano?"

Wosula uja anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye mukufuna azibwera sabata iliyonse? Abweradi, bwana, koma ndi chikwanje."

Ndayesetsa kuwaganizira amalume mwachilungamo, chifukwa sindifuna kulemba bodza m'kope langa lomwe. Zina mwa zimene ananena n'zoona. Osula aja ali ndi ana. Anthu ambiri amafunsadi mtengo. Koma mayi aja sanafunse mtengo, anafunafuna madontho. Ngati amalume akuona kuti makasu a migolo ndi amene anthu angakwanitse, awagulitse opanda chidindo, n'kunena poyera kuti awa ndi otchipa, a nyengo imodzi. Wogula asankhe yekha. Ndipo ngati dziko lonse likuyenda choncho ndipo palibe cholakwa, anayi aja akubisaliranji kuseri kwa matumba?

Zonsezi ndinanena mumtima. Pakamwa panangotuluka kamawu kamodzi, kakang'ono moti anandiuza kuti ndibwereze.

"Bwanji osangosiya kudinda?"

"Eee, chimalankhula!" anatero amalume kwa wosula uja. "Wamva? Mwana wa achemwali walankhula. Igwa mvula lero." Wosulayo sanaseke. Nkhope ya amalume inasintha, n'kutsitsa mawu. "Tamvera mtsikana iwe. Makasu omwewa ndi amene amakugulira makope. Ndipo ukakatsegula pakamwa pako kwa bambo, akakagwa, udzawanyamula ndiwe. Wamva?"

Anatenga khasu limodzi pa amene anali atangodinda, n'kulimanga pa kaliyala wa njinga yanga.

"Ukawapatse mayi ako. Mawa ukatenge lachitatu la anayi aja, ndinalipaka kale penti."

Pobwerera ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa galu. Mawu oti "chimalankhula" ankangondiyabwa m'makutu. Sanandisankhe chifukwa ndine mwana wabwino. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira mgolo, n'kuona kuti ndine wofewa, ndipindika kumene iwo akufuna. Munthu wakhungu amadalira manja amene akumupatsa chinthu, ndipo manjawo anawasankha mosamala, a mwana amene agogo sangamukayikire. Amayi nawo andikwiyitsa, ngakhale ndikuwamvera chisoni. Lero apereka khasu lathu lomaliza kuti munthu atseke pakamwa. Wotsatira adzamupatsa chiyani, mbuzi? Koma amene ndamukwiyira kwambiri ndi ine. Palibe amene ankandikoka pamkono kupita kuseri kwa matumba aja. Ndinkapita ndekha, n'kumalipukutanso bwinobwino khasulo kuti lisakhale ndi fumbi la chimanga. Kupukutako palibe anandiuza. Ndinakuganiza ndekha.

Nditafika, khasu latsopanolo ndinalilowetsa kuchipinda kwanga n'kulibisa pansi pa mphasa. Amayi anali kumjigo. Agogo anamva njinga.

"Mkazi wanga, wachokera kuti dzuwa lonseli? Wapeza mwamuna wina woona?"

"Ku Naisi, agogo. Anandituma amayi."

"Masana ndinamva mawu a mzimayi kuseriko. Amati chiyani?"

"Za makasu."

"Amafuna angati?"

Iwo chete wanga anamuzolowera, ndiye sanadikire. "Nyengo yake ino. Kale mwezi uno sindinkadya masana, anthu ali pamzere mpaka pa mango paja."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kufunsa chimene chinkandivuta njira yonse. "Agogo, inu munkapanga zonse nokha?"

"Ndekha? Ndine wamisala? Mpini sindinasemepo ine. Ankandisemera mkulu wina wa Chiyao wa kuphiriku, amene mitengo ankaidziwa kuposa ana ake. Chaka china anthu atachuluka ndinapatsako ntchito amuna awiri a kutsidya, azisula kwawo. Palibe choipa pamenepo, ntchito imagawidwa. Koma chitsulo ndinkawasankhira ndine, ndipo khasu lililonse linkadutsa pa khutu ili. Ndinawabwezerapo thumba lathunthu. Mmodzi analira, mnzakeyo ananditukwana mpaka kwa amayi anga, koma anakasulanso. Madontho aja sanena kuti ndasula ndine, mkazi wanga. Amanena kuti ndalimva ndine." Anakanda chibwano. "Masiku ano ndimangomva limodzi pa sabata. Koma ndi mwana wanga, limodzi likwana. Ndikadzafa uwauze okumba manda akumbe ndi anga, asadzachedwetse anthu ndi zimakasu za m'sitolo."

Anaseka okha. Ine ndinanamizira kuti ndikukaona yunifolomu.

Mawu a amalume aja akundiopsa, sindikana. Agogo akakwiya mitsempha ya m'khosi imatupa, ndipo ndinawaonapo tsiku lina atagwira mutu, akulephera kuima. Akagwa chifukwa cha ine sindidziwa kuti ndidzakhala bwanji pakhomo pano. Ndakhala pano ndikuganiza zongotenga lachitatu lija mawa, ngati masiku onse. Koma lero amayi anawapeza alendo aja pa papaya chifukwa anawaona msanga. Wina adzabwera amayi ali kumjigo, ine ndili kusukulu, n'kulunjika kukhonde. Adzawaponyera khasu pamapazi ndi kuwatukwana, iwo ali okha, osadziwa chimene alakwa. Kapena sadzabwera aliyense, anthu adzangosiya kutchula madontho atatu, kapena kumawatchula poseka ngati mnyamata wa kusukulu uja, agogo akugogodabe makasu anayi omwewo mpaka tsiku lawo. Chidindo anachita kubwereketsa. Ali ndi ufulu wodziwa chimene chikudindidwa nacho, ndi wochitenganso ngati akufuna.

Mawa ndidzuka m'mamawa ndiwaphikire phala, ndionetsetse kuti amwa mapiritsi awo ndipo apuma. Amayi ndiwauza kaye, ngakhale akane, ndipo ndiwapempha akhale pafupi ndi madzi akumwa. Ikakwana nthawi ya khasu sindilowa m'chipinda cha chimanga. Nditenga limene lili pansi pa mphasa, ndiliike m'manja mwa agogo. Akandifunsa, ndiwauza za migolo, za osula atatu, za anayi a kuseri kwa matumba, ndiponso kuti amene ankawabweretsera Loweruka lililonse akudziwa zonsezi ndi ine.